Kalata Yotseguka: Galimoto Ikagundidwa, Ndani Alipire Mtengo Umene Watsika?

Wolemekezeka Gavanala wa Banki Yaikulu ya Reserve, amene mulinso Registrar of Financial Institutions,
Olemekezeka akuluakulu a Insurance Association of Malawi,
Olemekezeka akuluakulu a Directorate of Road Traffic and Safety Services,

Ndikulemba kalatayi kukupemphani kuti mukhazikitse ndondomeko yomveka bwino yoti munthu amene galimoto yake yagundidwa iye ali wosalakwa azilandira ndalama zimene galimotoyo yatsika nazo mtengo, kuwonjezera pa ndalama zokonzetsera. Ndinene poyambirira pomwe kuti nkhaniyi ikundikhudza, chifukwa ndimadyera kuitanitsa ndi kugulitsa magalimoto ogwirapo kale ntchito mumzinda wa Lilongwe, ndipo ntchito yomweyi ndi imene yandionetsa kambirimbiri kuti galimoto ikhoza kutuluka m'galaja ikunyezimira mwini wake ali chiluzire.

Ngozi ikachitika, njira imene anthu amatsata ndi yodziwika. Apolisi apamsewu amabwera kudzaona malo ndi kulemba lipoti losonyeza amene walakwa, mwini galimoto amayendayenda m'magalaja kutolera makotesheni, kampani ya inshuwalansi imatumiza assessor wake kuti akaone kuwonongekako, ndipo akagwirizana mtengo galimoto imalowa m'galaja. Ikatuluka, mwini wake amapatsidwa pepala loti asaine kuvomereza kuti wakhutira ndipo sadzafunanso kanthu kena pa ngoziyo. Pamenepo fayilo imatsekedwa, ndipo aliyense amaona ngati mlandu watha. Komatu pali wina amene sanafunsidwe maganizo ake m'ndondomeko yonseyi, ndiye wogula amene adzabwere tsiku limene galimotoyo idzaikidwe pamsika.

Wogula wa masiku ano sabwera yekha, amabwera ndi makaniko wake wa ku Biwi kapena ku Ndirande, ndipo makanikoyo sayamba ndi injini. Amatsegula boneti n'kuyang'ana mitu ya mabauti omangira mafenda, kuti aone ngati sipanala inakandapo penti. Amasolola labala ya m'mphepete mwa chitseko kuti aone ngati zowotcherera zili zakufakitale kapena zam'galaja. Amatukula kapeti ya m'buti n'kupapasa pansi pamene pamakhala tayala lapadera, kufunafuna makwinya a chitsulo chimene chinakhomedwa. Ena amayendetsa kamaginito m'mbali mwa galimoto, ndipo pamene kakana kumata amadziwa kuti pansi pa penti pali phala lodzazira mabowo. Akatero amabwerera m'mbuyo pang'ono, kuyang'ana galimoto chopendekera dzuwa, n'kunena mawu awiri okha akuti, "Iyi inagundapo." Kuchokera pamenepo simukukambirananso mtengo umene munatchula. Mungatulutse malisiti a galaja yodalirika, mungalumbire kuti zipangizo zonse zinali zatsopano, wogula amangoti, "Ndamva bwana, koma mundichotsereko." Ndipo sakulakwa, chifukwa nayenso akudziwa kuti tsiku limene adzafune kugulitsa adzamva mawu omwewo.

Tiyerekeze kuti pali magalimoto awiri a Toyota ofanana mtundu, chaka ndi mtunda umene ayenda, ndipo iliyonse ingagulidwe pa K30 miliyoni. Imodzi yagundidwa kumbuyo itaima pa maloboti, yakonzedwa bwinobwino ndi K5 miliyoni ya inshuwalansi ya wolakwa. Mukaziika pamodzi pamsika n'kuuza wogula zoona, palibe munthu wanzeru amene angapereke ndalama zofanana pa ziwirizi. Ngati yogundidwayo ingapite pa K26 miliyoni, ndiye kuti mwini wake wataya K4 miliyoni chifukwa cha kusasamala kwa munthu wina, ndipo ndalama imeneyi sinalembedwe pa kotesheni iliyonse. Kutayaku sikuyembekezera tsiku logulitsa, kunachitika pa mphindi imene zitsulo zinakumana. Amene waika galimoto ngati chikole cha ngongole, kapena amene ali ndi bizinesi yobwereketsa magalimoto ndipo amagula atsopano pogulitsa akale, amakumana nako msanga kuposa ena.

Chodabwitsa n'chakuti mfundo imeneyi tonse timaivomereza kale tikamagula. Magalimoto ambiri amene akuyenda m'misewu yathu anachokera ku Japan, kudzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, kapena kudzera ku Durban. Ku misika ya okushoni ya ku Japan galimoto iliyonse imakhala ndi pepala la kawuniwuni, ndipo imene inakonzedwapo pa mafupa ake itachita ngozi imalembedwa giredi R kapena RA. Aliyense woitanitsa magalimoto amadziwa kuti ya giredi imeneyi imagulidwa motsika kuposa inzake ya giredi 4, ngakhale ioneke yosalala bwanji pa chithunzi. Tsono ngati tikulandira kuti ngozi imene inachitikira ku Nagoya imatsitsa mtengo, tingakane bwanji kuti ngozi ya pa msewu wa Masauko Chipembere kapena wa M1 imachita chimodzimodzi?

Sindikupempha lamulo lachilendo. Makhoti athu poweruza za chipepeso amatsatira mfundo yakale imene inanenedwa mu 1880 pa mlandu wa Livingstone v Rawyards Coal Company, yakuti wolakwiridwa apatsidwe ndalama zomubwezera, momwe ndalama zingathere, pamene akanakhala cholakwacho chikanapanda kuchitika. Pa nkhani ya magalimoto yeniyeni, khoti la apilo la ku England linanena mu 1974, pa mlandu wa Payton v Brooks, kuti ngati galimoto yokonzedwa ili ndi mtengo wotsika kuposa umene inali nawo ngozi isanachitike, mwini wake akhoza kulandira kusiyanako pamwamba pa ndalama zokonzetsera, malinga abweretse umboni. Wodandaula pa mlanduwo sanalandire ndalamayo chifukwa umboni wake unaperewera, ndipo pamenepa ndi pamene pagona vuto lathu. Mu 2013, pa mlandu wa Coles v Hetherton, khoti lomwelo linabwereza kuti chimene munthu wataya katundu wake akawonongedwa ndi kutsika kwa mtengo wa katunduyo, ndipo ndalama zokonzetsera ndi njira chabe yoyezera kutsikako. Zigamulo za ku England zimenezi sizimanga manja oweruza athu, koma amazilemekeza ndi kuzitchula, chifukwa malamulo athu pa nkhani zotere anachokera ku tsinde lomwelo. Kuwonjezera apo, lamulo lathu la Road Traffic Act limalola wolakwiridwa kusumira mwachindunji kampani ya inshuwalansi ya wolakwa, kufikira pa malire a ndalama amene alembedwa mu polise, lomwe ndi pepala la mgwirizano wa inshuwalansi.

Choncho khomo lilipo, koma ndi khomo la kukhoti, ndipo anthu ambiri sangalifike. Kuti munthu atsate K4 miliyoni ayenera kupeza loya, kupeza katswiri wochitira umboni za mtengo, ndi kudikira nthawi imene milandu imatenga, pamene kwacha ikunka nichepa mphamvu. Ambiri sadziwa n'komwe kuti ali ndi ufulu wofunsa, ndipo amene adziwa mochedwa amapeza kuti anasaina kale pepala lija lotseka nkhani yonse. Munthu amene wakhala milungu akukwera minibasi ndi kabaza, ana akuvutika popita kusukulu, akamuuza kuti "sainani apa mutenge makiyi" sawerenga ndime zolembedwa m'Chingerezi cha maloya. Amasaina.

Ndiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri kuti ndisakupempheni zosayenera. Pamene munthu akufuna ndalama ku kampani yake yomwe, pa inshuwalansi ya comprehensive, imene imatetezanso galimoto ya mwini wake yemwe, chimene chimalamula ndi mgwirizano umene anasaina, ndipo mapolise ambiri amanena poyera kuti salipira kutsika mtengo kwa galimoto. Umenewo ndi mgwirizano wa anthu awiri, ndipo pempho langa pamenepo ndi lochepa: wogula polise auzidwe zimenezi momveka asanalipire, ndipo makampani apereke mwayi kwa ofuna kuwonjezera kangachepe pa ndalama zapachaka kuti atetezedwenso pa mbali imeneyi. Koma pamene munthu wagundidwa ndi wina, ndipo akufuna chipepeso ku kampani ya wolakwayo, palibe mgwirizano uliwonse umene iye anasaina ndi kampaniyo. Ndime ya mu polise ya munthu wina singamulande ufulu umene lamulo limamupatsa. Apa ndi pamene pempho langa lalikulu lili.

Pali mtsutso wina umene umamveka kawirikawiri masiku ano, ndipo ndi wonyenga kwambiri chifukwa umaoneka ngati woona. Amati, munthu angadandaule bwanji kuti galimoto yatsika mtengo pamene angaigulitse ndalama zambiri kuposa zimene anagulira? N'zoona kuti kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya magalimoto m'makwacha inakwera kwambiri, moti galimoto yogundidwa ikhoza kupitadi pa ndalama zoposa zimene inagulidwira zaka zitatu zapitazo. Koma kuyerekeza kumeneko n'kolakwika. Funso si lakuti munthu anagula zingati, koma lakuti galimoto yofanana ndi yake, yosagundidwapo, ikugulidwa zingati pa tsiku lomwelo ndi pa msika womwewo. Munthu akagulitsa yake ayenera kugula ina, ndipo inayo adzaigula pa mtengo wa lero, pamodzi ndi msonkho wa MRA wa lero. Ndondomeko iliyonse imene mungalembe inene mfundo imeneyi mosabisa, apo ayi kukwera mitengo kwa zinthu kudzakhala chobisalira.

Maiko ena anayenda kale njira imeneyi, ndipo tikhoza kutolako zabwino n'kusiya zoipa. Ku Germany, munthu akagundidwa iye ali wosalakwa ali ndi ufulu wosankha yekha katswiri woima payekha wowunika galimoto, ndipo pokhapokha kuwonongeka kuli kochepa kwambiri, amene amalipira katswiriyo ndi inshuwalansi ya wolakwa. Lipoti la katswiriyo limakhala ndi mtengo wokonzetsera komanso, pamzere wakewake, ndalama imene galimotoyo yatsika nayo pamsika. Palibe chifukwa chochonderera, ndi gawo chabe la fomu. Ku boma la Georgia, m'dziko la America, khoti lalikulu la bomalo linagamula mu 2001, pa mlandu wa State Farm v Mabry, kuti kampani iyenera kuwunika ndi kulipira kutsika mtengoku ngakhale kwa makasitomala ake omwe.

Koma ku Georgia komweko kunachokera kawerengedwe kotchedwa 17c, kamene ndikukupemphani kuti musakatengere kuno. Kawerengedweka kamayamba ndi kuika denga pa 10 peresenti ya mtengo wa galimoto, kenako kamachepetsa malinga ndi kukula kwa kuwonongeka, n'kuchepetsanso malinga ndi mtunda umene galimoto yayenda, moti imene yafika mamailosi 100,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 160,000, imapatsidwa ziro. Ku America komweko anthu amakadandaula kuti kamapondereza. Kuno kangakhale nthabwala, chifukwa magalimoto ambiri amafika pa Songwe atayenda kale mtunda wautali, ndipo galimoto ya makilomita 160,000 kwathu kuno ikadali chuma cha banja, chogulidwa ndi ngongole ya zaka zingapo. Muyezo wathu uchokere pa msika wathu, pa mitengo imene magalimoto akugulidwadi ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu.

Ndikudziwa chimene akuluakulu a makampani a inshuwalansi anganene, ndipo sindikuchipeputsa. Adzati ndalama zolipira pachaka zidzakwera, pamene oyendetsa magalimoto ambiri akulira kale, ndiponso kuti khomo latsopano lililonse limakopa akamberembere. Pa mfundo yoyamba, n'zotheka kuti zikwereko, koma tisanamizane kuti pakali pano palibe amene akulipira. Akulipira ndi wosalakwa, yekha, ndalama yonse nthawi imodzi, pamene cholinga cha inshuwalansi n'chakuti katundu wolemera agawidwe pa mapewa ambiri. Pa mfundo yachiwiri, chinyengo chimakula bwino pamene palibe muyezo, pamene zonse zimadalira kuti ukudziwana ndi yani. Ndondomeko yolembedwa ndi imene ingatseke mipata. Ndivomerezenso kuti si ngozi iliyonse imene imatsitsa mtengo. Bampala yokandika imene yasinthidwa, kapena nyali yosweka pa minibasi ya zaka makumi awiri imene inakhomedwapo kale mbali zonse, sizisintha kanthu pamsika, ndipo amene angafune ndalama pa zoterezi akanizidwe. Nkhani ili pa galimoto imene inali yosagundidwapo, ndipo ngozi yakhudza chesisi, nsanamira za zitseko, denga, kapena yaphulitsa ma airbag.

Kwa inu akuluakulu a Road Traffic, nkhaniyi ikukukhudzani mwa njira ina imene mwina simunaiganizire. Munthu amene sanalipidwe kutsika mtengo kwa galimoto yake amatsala ndi njira imodzi yobwezera ndalama yake, ndiyo kubisa. Amapempha wopenta kuti asalaze bwino, amafufuta zithunzi za ngozi pa foni, ndipo akafunsidwa amayankha kuti "kangokandika pang'ono pa geti". Pamene ma airbag akudula kwambiri, ena amangotseka chivundikiro mkati mulibe kanthu, n'kuthimitsa kanyali kochenjeza. Wogula amene alibe makaniko wochenjera amatenga galimoto yotere n'kukwezamo banja lake. Kuyeza kwa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, kumaona mabuleki, nyali, matayala ndi zina zotero pa tsiku loyeza, koma sikuuza wogula mbiri ya galimoto. Muli kale ndi MalTIS, imene imasunga nambala ya chesisi ndi dzina la mwini wa galimoto iliyonse yolembetsedwa. N'zotheka kuti ngozi iliyonse yaikulu imene kampani ya inshuwalansi yalipira, makamaka galimoto imene yalembedwa kuti siingakonzedwenso koma kenako yagulitsidwa ngati zotsalira n'kuukitsidwa, izilembedwa pa nambala ya chesisiyo, ndipo wofuna kugula azitha kufunsa polipira kandalama kochepa.

Komabe ndikuchenjezeni kuti kaundula ameneyu asabwere yekha. Mukayamba kulemba mbiri ya ngozi popanda kukonza za chipepeso, mudzakhala mwalanga wosalakwa kawiri, chifukwa galimoto yake idzakhala ndi chipsera chimene aliyense angachione, iye osalandira kanthu. Ziwirizi ziyendere limodzi. Amene walipidwa kutsika mtengo alibenso chifukwa chobisira, ndipo kampani imene yalipira ili ndi chifukwa chabwino cholembetsera ngoziyo, kuti munthu yemweyo kapena wogula wotsatira asadzafunenso ndalama pa chilonda chakale.

Wolemekezeka Registrar, lamulo la Financial Services Act la 2010 linakupatsani udindo woyang'anira makampani a inshuwalansi ndi kuteteza anthu amene amagwiritsa ntchito mabungwe azachuma, ndipo muli ndi mphamvu yotulutsa malangizo amene makampaniwa ayenera kutsatira. Ndikupempha kuti mugwiritse ntchito mphamvu imeneyi polamula kuti lipoti lililonse la assessor pa galimoto ya munthu wosalakwa lizikhala ndi mitengo itatu: wa galimoto ngozi isanachitike, wokonzetsera, ndi wa galimotoyo ikakonzedwa. Ngati assessor akuona kuti mtengo sunatsike, alembe chifukwa chake ndi kusaina, ndipo mwini galimoto apatsidwe kope ya lipotilo. Popeza assessor ameneyu amatumidwa ndi kulipidwa ndi kampani imene ikuyenera kutulutsa ndalama, mwini galimoto amene sakukhutira akhale ndi ufulu wotenga katswiri wina pa mndandanda wa ovomerezeka, ndipo zikapezeka kuti iye ndiye amanena zoona, kampani imubwezere zimene walipira katswiriyo. Akasiyanabe, nkhani ipite ku ofesi yanu yolandira madandaulo, ndipo iyankhidwe m'masiku owerengeka amene mungaike, munthu asanaganize zopita kukhoti.

Pa pepala lija lotseka nkhani, ndikupempha kuti kutenga galimoto m'galaja kusiyanitsidwe ndi kutaya ufulu wofuna zotsala. Munthu asaine kuti walandira galimoto ndipo ntchito yokonza waiona, basi. Ngati kampani ikufuna kuti avomereze kuti palibenso china, pepalalo likhale lina, litchule kutsika mtengo mwachindunji, lilembedwe m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kwa amene akufuna, ndipo munthu apatsidwe masiku oti akaganize kapena kufunsa ena asanasaine. Ziliponso zolakwika za m'galaja zimene zimaonekera patapita nthawi, monga penti yosiyana maonekedwe, chitseko cholowetsa fumbi ndi madzi, kapena matayala odyeka mbali imodzi chifukwa chesisi sinawongoke bwino. Zimenezi ndi kutsika mtengo kwa mtundu wina, kochokera ku ntchito yosalongosoka, ndipo ngati galajayo inasankhidwa ndi kampani ya inshuwalansi, kampaniyo isamuuze munthu kuti akathane yekha ndi amakaniko.

Chotsala ndi malire a ndalama amene amalembedwa mu polise ya third party pa katundu wa anthu ena. Mitengo ya zipangizo zamagalimoto imatsatira dola, ndipo malire amene anali okwanira kwacha isanagwe akhoza kuthera pa nyali ziwiri, bampala ndi boneti ya galimoto yamakono. Malirewo akatha, zotsala zimagwera woyendetsa wolakwayo payekha, amene nthawi zambiri alibe poti n'kugwira, ndipo ufulu wa wolakwiridwa umasanduka pepala chabe. Ndikupempha kuti inu ndi Insurance Association of Malawi muziunika malirewa chaka ndi chaka, ndipo wogula polise aliyense aziuzidwa pakamwa, osati pa timalemba ting'onoting'ono, kuti akagunda galimoto ya mnzake kampani idzalipira kufika pati.

Musanalembe malangizowa, itanani ogulitsa magalimoto, eni magalaja, ma assessor, maloya ndi mabungwe oimira ogula kuti mumve mbali zonse, ndipo zolemba zoyambirira muziike poyera kuti anthu aperekepo ndemanga. Ife ogulitsa tili ndi mabuku osonyeza mitengo imene magalimoto ogundidwapo ndi osagundidwapo apitira, ndipo ine ndine wokonzeka kubweretsa anga ku ofesi yanu tsiku limene mungandiitane.

Ine wanu mwaulemu,
Wogulitsa magalimoto ogwirapo kale ntchito,
Lilongwe